Chishalo chikamaterereka, mlandu si wa lamba

Munthu wokhala kufupi ndi mafakitale a ku Willowvale, ku Highfield kapena ku Glen Norah, akhoza kutha chaka osaona hatchi. Mu Harare mahatchi amapezeka kwa apolisi ndi ku mijaho ya ku Borrowdale Park. Komabe mabanja ambiri a m'maderawa, kuphatikizapo zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi, ali ndi abale kumidzi ndi kumafamu komwe bulu ndiye galimoto. Chilala cha 1992 chitapha ng'ombe zochuluka m'Zimbabwe, bulu ndi amene anatsala kusenza madzi, nkhuni ndi chimanga. Ndipo malamba otha ntchito a m'mafakitale, pamodzi ndi matayala akale, ndiwo amadulidwa nkukasanduka zomangira pamsana pa nyamazi.

Dandaulo la wokwera hatchi ndi la mwini bulu ndi limodzi: chishalo chikuterereka. Mwina chimapendekera mbali imodzi, mwina chimathamangira kukhosi potsika mtunda. Zikatero anthu ambiri amakoka lamba wa pamimba mpaka nyama kubuula. Chishalocho chimakhazikika kwa kanthawi, koma pofika madzulo kuseri kwa miyendo yakutsogolo kwasupuka, ndipo mawa lake nyamayo ikuthawa ikangoona mwini wake. Amaitcha yaliuma, chonsecho ikumva ululu.

Chishalo chimakhazikika chifukwa cha kapangidwe kake, osati kuthina kwa lamba. Hatchi ili ndi fupa lotumphuka pamwamba pa mapewa, limene limatchinga chishalo kuti chisapite kutsogolo kapena kugubuduka. Pa bulu fupali ndi lalifupi ndipo msana wake ndi wowongoka, kotero chishalo chopangira hatchi sichikhala ndi pogwira. Ichi ndi chifukwa chake bulu amafunika malamba ena awiri: wodutsa pachifuwa woletsa katundu kubwerera m'mbuyo pokwera chitunda, ndi wozungulira kumatako kapena pansi pa mchira woletsa katundu kugwera kukhosi. Onse awiri akhale otambalala ndi osalala m'mphepete. Waya wa m'tayala ndi mutu wa bawuti zisakhudze chikopa.

Kuyeza sikulira ndalama. Chishalo chiikidwe pamsana popanda choyala chilichonse. Kulemera kwake kugwere pa minofu ya mbali zonse ziwiri, ndipo pakati pakhale mpata woti fupa la msana lisapanikizike. Kutsogolo kuzilowa zala ziwiri kapena zitatu. Lamba wa pamimba adutse kuseri kwa miyendo yakutsogolo posiya mpata wa chikhatho chimodzi, amangidwe pang'onopang'ono, ndipo nyama ikayenda pang'ono aonedwenso. Ngati zala sizikulowa pansi pake, wathina kwambiri. Pomasula madzulo, thukuta limanena zoona. Msana wonyowa mofanana ndi chizindikiro chabwino, pamene kadera kouma pakati pa ponyowa kamasonyeza malo amene apanikizika. Ubweya woyera umene umamera pamsana pa nyama yakuda ndi chipsera cha chishalo cha chaka chatha.

Pali chinthu china chimene alangizi a ziweto ayenera kuchidziwa. M'chaka cha 2013, Line Greve ndi Sue Dyson a ku Newmarket m'dziko la England anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti mwa mahatchi otsimphina mwendo wakumbuyo, oposa theka anali ndi chishalo chopendekera mbali imodzi nthawi zonse. Ululu wa m'mwendo utachititsidwa dzanzi ndi mankhwala, pafupifupi pa mahatchi onsewo chishalo chinawongoka chokha. Choncho ngati chishalo chikugwera kumanzere tsiku ndi tsiku, ngakhale atasintha wokwera, nzeru ndi kuyendetsa nyamayo pamalo olimba, kupenyetsetsa mapondedwe ake ndi kuyang'ana ziboda. Kwa abulu ambiri ziboda zimangokula osasengedwa.

Nyengo nayo imasintha msana. Bulu wa mwezi wa Malichi ndi wonenepa, wa Okutobala nthiti zili pamtunda, ndipo chishalo chimene chinakwana msipu uli wobiriwira chimakhala chikugwedera m'chilimwe. Apa choyala chimathandiza, koma chikhale cha thonje, bulangete kapena chiguduli chochapa bwino. Thumba la feteleza, lomwe lili m'nyumba iliyonse, limaterera likanyowa ndi thukuta ndipo limapala chikopa ngati tupa. Kuunjika zoyala pansi pa chishalo chothina kale nkongowonjezera vuto, monga kuvala masokosi awiri m'nsapato yaing'ono.

Katundu agawidwe mofanana. Thumba la makilogalamu 50 likagawidwa pawiri, 25 mbali iyi ndi 25 mbali inayo, limayenda bwino kuposa kulisanjika lathunthu pamwamba. Wokwera hatchi naye akwere ataponda pa chitsa kapena mwala, chifukwa kudzikoka kuchokera pansi kumapotoza chishalo ulendo usanayambe.

Chilonda chikatuluka kale, chitsukidwe ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono. Oyilo wakuda wa m'galimoto, amene sasowa kwa amakanika a ku Gazaland ndipo ena amamutumiza kumudzi ngati mankhwala, amawononga mnofu ndi kuchedwetsa kupola. Nyamayo ipume kufikira chilondacho chitauma, ngakhale kuti masiku amenewo madzi asenzedwa pamutu.