Anzathu Achisilamu Sanasokoneze Masiku



Chaka ndi chaka, kusala kwa Ramadan kukamafika kumapeto, timamva madandaulo omwewo m'minibasi ndi m'makalasi: kodi mawa kuli tchuthi kapena ayi? Asilamuwa amalephera bwanji kutiuziratu tsiku la Eid? Ena mwa ife, ngakhale a m'kwaya amene, timafika ponyogodola kuti anzathuwa sadziwa kuwerenga masiku. Mnzathu wachisilamu yemwe timakhala naye pa desiki imodzi amamva zonsezi, nazisunga mumtima. Chonsecho osadziwa ndife.

Kalendala ya Chisilamu imatsata mwezi wa kuthambo, osati dzuwa. Kuchokera pamene mwezi wakhala kufikira utakhalanso pamadutsa masiku pafupifupi 29 ndi theka, motero mwezi wina umakhala ndi masiku 29, wina 30. Tsiku nalo limayamba dzuwa likangolowa. Madzulo a tsiku la 29 anthu amayang'ana kuzambwe. Kamwezi kakaoneka, ndiye kuti mwezi watsopano wayamba usiku womwewo. Kakapanda kuoneka, kaya kaamba ka mitambo, amakwanitsa masiku 30. N'chifukwa chake chilengezo cha Eid chimatipeza tikudya nsima ya madzulo. N'chifukwa chakenso maiko amasiyana: m'chaka cha 2025 ku Saudi Arabia anachita chikondwererochi pa 30 Malichi, pomwe maiko ena ambiri anachita pa 31.

Agogo athu sakanadabwa nazo izi. Kodi si m'chinenero chathu chomwe chino m'mene liwu loti "mwezi" limaimira chowala cha usiku komanso nthawi ya masiku makumi atatu?

Miyezi 12 yotere imakwana masiku 354 kapena 355, kuperewera ndi masiku 10 kapena 11 pa chaka chomwe tinazolowera. Ayuda, amenenso amawerenga ndi mwezi, amatseka mpata umenewu powonjezera mwezi wa 13 kasanu ndi kawiri pa zaka 19 zilizonse. Korani imaletsa kuwonjezera kotere. Zotsatira zake, Ramadan, womwe ndi mwezi wachisanu ndi chinayi, umabwerera m'mbuyo chaka chilichonse ndipo umazungulira nyengo zonse pa zaka pafupifupi 33. M'chaka cha 2005 unagwa mu Okutobala; tangoganizirani msodzi wa ku Mangochi wosalawa ngakhale dontho la madzi kuyambira mbandakucha kufikira dzuwa litalowa, kunja kukutentha chotero. Mu 2016 unagwa mu Juni, nthawi ya chisanu. Mu 2030 udzayamba kawiri, mu Januwale ndi mu Disembala. Zaka amaziwerenga kuyambira pa Hijra, ulendo wa Muhammad wochoka ku Mecca kupita ku Medina m'chaka cha 622, ndipo amene anakhazikitsa kawerengedweka ndi mtsogoleri wawo Umar. Chaka chawo cha 1447 chinayamba kumapeto kwa Juni 2025.

Tsono ife oseka, tikafunsidwa tsiku la Pasaka ya chaka chamawa, ndi angati tingayankhe osatsegula kalendala ya parishi? Pasaka yathu imachitika Lamulungu loyamba pambuyo pa mwezi wathunthu wa pa 21 Malichi kapena wotsatira, ndipo imayendayenda pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo. Lachitatu la Phulusa ndi Pentekoste zimayenda nayo limodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti Mpingo unawerengeratu masikuwa m'mabuku, pomwe Asilamu ambiri amafuna kuti diso la munthu lichitire umboni. Ife tikuona kuti kudikira kwa usiku umodzi si mtengo waukulu woti mpaka tinyozere mnansi.

Mu 2025 Ramadan inayamba kumayambiriro kwa Malichi, ife tinadzozedwa phulusa pa 5 mwezi womwewo. Kwa milungu yoposa itatu tinali kusala pamodzi m'midzi imodzi, ndipo ambiri mwa ife sitinazindikire n'komwe.