Tiyezetse Minda Yathu, Koma Buku Likhale M'manja Mwathu

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu, pa msonkhano wapitawu panabuka mkangano waukulu pa nkhani ya anyamata amene akuyenda m'minda ya khofi ndi mafoni m'manja, nalemba pamene pali munda wa munthu aliyense. Ena anati tiwapirikitse, pakuti mlendo woyeza munda wa mwini sabwera ndi zabwino. Ena anati tiwalandire. Popeza dzuwa linalowa mlandu usanathe, tsamba lino liyenera kunena maganizo ake poyera.

Tiyambe ndi kumene zinthuzi zachokera. M'chaka cha 2023 mayiko 27 a mgwirizano wa ku Ulaya anaika lamulo lakuti m'misika yawo musalowe katundu wochokera pa malo amene nkhalango inagwetsedwa pambuyo pa 31 Disembala 2020. Katunduyo ndi wa mitundu isanu ndi iwiri: khofi, koko, soya, mphira, mafuta a kanjedza, ng'ombe ndi matabwa. Fodya ndi tiyi mulibe. Wamalonda wolowetsa khofi kumeneko ayenera kuonetsa pa mapu munda uliwonse umene khofiyo wachokera. Munda waung'ono kadontho kamodzi nkokwana, koma woposa mahekitala 4, ndiwo pafupifupi maekala 10, ayenera kuuzungulira malire ake onse. Tsono amayerekeza mapuwo ndi zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba, kuti aone ngati panali nkhalango mu 2020. Ayeneranso kutsimikiza kuti mbewuyo inalimidwa mosaphwanya malamulo a dziko lathu lomwe. Tsiku loyambira lamuloli analikankhira kutsogolo mu 2024, nalikankhanso mu 2025, koma lamulo lenilenilo sanalifafanize ayi.

Iwo amene akuopa sitiwaseka. Makolo athu anaona malimidwe m'masiku a atsamunda, pamene munthu analipitsidwa kapena kuponyedwa m'ndende chifukwa cha mizere ya m'munda mwake momwe. Inkosi Gomani ya ku Ntcheu inachotsedwa pa mpando mu 1953 itauza anthu ake kuti asamvere malamulo otere. Mtundu umene unalawa thangata suiwala msanga kuti kuyeza nthaka kunali chiyambi cha kuilanda. Ndiponso nzoona kuti lamulo latsopanoli analipanga popanda kufunsa mlimi wa ku Ntchisi, wa ku Misuku kapena wa ku Phoka, ndipo analipanga anthu amene nkhalango zawo zambiri anazigwetsa kalekale. Zimenezi tiyenera kuzinena mosaopa.

Koma taonani kusiyana kwake. Malimidwe anabwera ndi mesenjala ndi unyolo, ndipo mesenjala munthu ankatha kumuthawira m'phiri. Lamulo ili lilibe mesenjala, silimanga munthu wa kuno, ndipo kadontho ka pa mapu sikachotsa munthu pa munda wake. Chilango chake chigwera wamalonda wa ku Ulaya, ndipo iye poopa chilangocho angotembenuka nakagula khofi kwina kumene alimi analembetsa minda yawo. Kodi wogula amene sanabwere tidzamukana bwanji? Tidzangotsala ndi matumba m'nyumba, ana nabwezedwa ku sukulu, feteleza osagulidwa.

Pali chinthu china chimene membala aliyense ayenera kuchimvetsa bwino. Khofi wathu sapita ku Ulaya m'thumba la munthu mmodzi. Amasonkhanitsidwa pa makina osendera, nasakanizidwa, natumizidwa pamodzi. Ngati m'katunduyo mwalowa ndowa imodzi yochokera pa munda wotsegulidwa m'nkhalango pambuyo pa 2020, kapena pa munda wosadziwika pamene uli, katundu yense akanidwa. Akuluakulu anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Munthu amene alowa usiku m'nkhalango ya Ntchisi ndi nkhwangwa kukatsegula munda, kapena amene agula khofi wa mseri namupereka m'dzina lake, sakubera Boma lokha; akubera mayi wamasiye amene munda wake uli pomwe unali chiyambire.

Tisanamizanenso kuti mitengo tikusungira azungu. Mitsinje imene timatungako imachokera m'nkhalango imeneyi, ndipo khofi amakonda mthunzi ndi chinyezi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera pa phiri la Soche ku Blantyre, phiri limene mitengo yake yambiri inali itatha, nakwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Phunziro limenelo silinachokere ku Ulaya.

Chifukwa chake tsamba lino likuti: tiyezetse minda yathu, koma tiyezetse ngati eni nthaka, osati ngati anthu ogwidwa. Tikupempha nthambi kuti pa msonkhano ukudzawu igwirizane pa mfundo izi.

Choyamba, munda usayezedwe mwini wake palibe, ndipo nyakwawa kapena nduna yake ikhalepo, pamodzi ndi oyandikana nawo malire, kuti pasadzabuke milandu pambuyo.

Chachiwiri, zolembedwa zonse zikhale m'buku la kopaletivi yathu, ndipo mlimi aliyense apatsidwe pepala la munda wake. Buku likakhala m'manja mwa wogula mmodzi yekha, tsiku limene tidzafune kugulitsa kwa wina adzatiuza kuti tiyambirenso, ndipo mtengo adzatchula ndi iye.

Chachitatu, ndalama zoyezera zisadulidwe mobisa pa mtengo wa khofi wathu. Amene afuna umboni athandize kulipira umboniwo, ndipo ngati pali chodula chinenedwe poyera pa msonkhano.

Chachinayi, munda ulembedwe m'dzina la amene amaulima. Kuno kwathu minda yambiri ndi ya amayi, ndipo sichabwino kuti dzina la mkamwini lilowe m'buku pa nthaka ya mbumba ya eni.

Chachisanu, m'bale amene munda wake wapezeka kuti ndi wotsegulidwa chatsopano m'nkhalango tisamubise, komanso tisamutaye. Khofi wake aikidwe padera, ndipo nthambi ikhale naye pansi pamodzi ndi mfumu ndi alangizi a zankhalango kufuna njira yoti ana ake adye.

Mvula ikayamba, nyengo yodzala mitengo idzafika. Mudzi uliwonse ukhale ndi nazale yake, ndipo aphunzitsi ndi ana a sukulu athandize akuluakulu amene sadziwa kuwerenga kuti amve zimene zalembedwa pa mapepala awo asanadinde chala. Safunsa anadya phula. Bwerani nonse ku msonkhano, amuna ndi akazi, ndipo aliyense abwere ndi funso lake.

Mlembi wa Nthambi