Alendo abwere ku Likoma, koma dooko likhale la eni ake

Anzanga, amalume anga anakagwirako ntchito yomanga ku Likoma miyezi isanu. Atabwerako, nkhani zawo zinali za chilumbacho basi. Akuti madzi ake ngoyera mpaka umaona nsomba zikusewera pansi, mchenga uli mbuu, milambe ikuluikulu ili paliponse, ndipo galimoto nzowerengeka. Ine amene ndimapalasa njinga m'fumbi m'mawa uliwonse kubwera kuno kusukulu, mtima unangoti dyokodyoko.

Nchifukwa chake sindidabwa kuti alendo amakonda kumeneko. Ena amakwera Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951. Ena a ndalama zawo amatera pa ndege. Amakaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene amishoni a UMCA anayamba kumanga mu 1903. Mwina simukudziwa: amishoni omwewa anayamba akhala kaye ku Magomero kuno kwathu mu 1861. Chinanso chodabwitsa nchakuti Likoma ndi Chizumulu zili m'madzi a Mozambique, koma ndi Malawi ndithu.

Alendo amabweretsa zabwino, sindikukana. Achinyamata amapeza ntchito m'malo ogona alendo, asodzi amagulitsa nsomba, amayi amagulitsa zoluka. Amalume anga omwe, fizi yanga ya teremu yatha inachokera m'thumba lawo, ndalama za ku Likoma komweko.

Koma pali mawu amodzi amene ananena omwe sanandisangalatse. Akuti alendo ena akaona kukongolako safunanso kubwerera, amayamba kufunsa mtengo wa malo a m'mbali mwa nyanja. Apa mpomwe ndikuti tiganize kaye. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Nanga mameyo akamanga mpanda?

Likoma ndi kachilumba kakang'ono, masikweya kilomita 18 okha kukula kwake konse. Nthaka yake njamiyala, ndipo chakudya chambiri chimachita kubwera pa sitima. Moyo wa anthu uli padooko: mpomwe amatunga madzi, kuchapa, kuyanika usipa ndi kukocheza mabwato. Munthu wolemera, kaya wa ku Ulaya kaya wa ku Lilongwe, akagula pamenepo nkutchinga, mayi wa mtsuko uja alowera kuti? Aphunzitsi a Geography anatiuza za Malta, chilumba cha m'nyanja ya Mediterranean. Kumeneko alendo ndi anthu obwera kudzakhazikika achuluka kwambiri, moti lendi inakwera mpaka eni dziko ena akuvutika kupeza nyumba kwawo komwe.

Ife a ku Chiradzulu nkhani ya malo sitichita kumva kwa ena. Makolo athu analima thangata m'maesiteti a azungu, pa nthaka yomwe inali yawo. Ichi nchimodzi mwa zimene zinapweteka mtima John Chilembwe mpaka kuwukira mu 1915. Lero taonani minda yathu, tizigawotizigawo. Kwathu munda wa agogo unagawidwa kwa amayi ndi ang'ono awo atatu, ndipo chimanga chimatha Khirisimasi isanafike. Malo sabala ngati mbuzi. Ukagulitsa, ndalama zimatha chaka chomwecho, koma wogulayo amakhala mpaka adzukulu ake.

Ena anena kuti, "Iwe mwana wa Fomu 2, kunyanja sunapondeko, zikukukhudza bwanji?" Zoona, sindinapondeko. Koma ndikufuna tsiku lina ndikadzakwera Ilala, ndidzatsike nkusamba padooko popanda mlonda wondithamangitsa m'dziko langa lomwe.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Mlendo abwere, adye chambo, ajambule tchalitchi, alipire bwino. Wofuna kumanga malo ogona alendo achite lendi kwa zaka zodziwika, mudzi wonse utavomera, osati mfumu yokha. Njira yopita kumadzi isatsekedwe. Inu mukuti bwanji? Yankhani pa khoma pomwe pano sabata yamawa.

Wophunzira wa Fomu 2