Flash yoiwala imadya ndalama ya kasitomala

Anzanga okonza ma laptop, lekani kunyada na flash yamene imaiwala vonse mukangozima. Mwaikapo Ubuntu, mwayatsa nayo laptop yamene Windows yake yakana, mwagula bundle, mwadaunilodi TestDisk kuti mubweze mafayelo. Malaiti yapita, batire yafa. Mailo muyambanso poyamba, cifukwa live system imasunga vosintha vonse mu RAM, ndipo RAM ikasowa magetsi sikumbuka kanthu. Manje bundle yaciwiri alipira ndani? Kasitomala, mu mtengo uja mumachula kuti wa kukonza.

Rufus ili na poika persistence: mwapatula 4 GB pa flash ya 16 GB, basi mapulogalamu, password ya Wi-Fi na ma script yanu vimatsala. Ventoy imacita cimodzimodzi na fayelo imodzi ya .dat.

Ena akuti persistence imapha flash. Ni zoona, kulembapo kawiri-kawiri kumaitha msanga, maka-maka zija zochipa za mumsewu. Gulani yabwino cabe.

Cimene niyopa ine ni mafoto na ma CV ya kasitomala kutsala pa flash yanu, yamene mumabwereka aliyense. Vamene mwapulumutsa ikani pa hard drive ina, mupatseni mwine wake, mufafanize ali pomwepo.