Si Mpweya Wonse wa M'mimba Uli wa Nyemba

Munthu akanena kuti ali ndi mpweya m'mimba, womumva sada nkhawa. Amangoganiza za nyemba kapena mbatata, n'kumuuza kuti amwe madzi ofunda. Koma kwa munthu amene anaikidwa chiwalo cha mnzake, monga impso, chiwindi kapena mapapo, mawu omwewa angathe kubisa ngozi. Maganizo anga ndi akuti anthu oterewa timawalakwira tikamawasonkhera ndalama za opaleshoni koma osawafotokozera m'chiyankhulo chawo zimene zingadze pambuyo pake.

Thupi sililandira mlendo mosavuta. Impso yoyamba kukhazikika bwino anaiika Joseph Murray ku Boston m'chaka cha 1954, ndipo zinatheka chifukwa wopereka ndi wolandira anali mapasa ofanana. Kwa anthu ena, chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi chiwalo chachilendocho, motero wodwala amamwa mankhwala ochifooketsa kwa moyo wake wonse. Kuipa kwake kunaoneka msanga: Louis Washkansky, amene Christiaan Barnard anamuika mtima ku Cape Town mu 1967, anamwalira ndi chibayo patangotha masiku 18.

Chitetezo chikafooka, tizirombo timene tinagona timadzuka. Kotchuka kwambiri ndi CMV, kam'banja limodzi ndi kachirombo koyambitsa mashingozi. Ambiri timakatenga tili ana ndipo kamangokhala phee m'thupi, koma nthawi zina kamabwera ndi chiwalo chopatsidwacho. Kakadzuka kamatha kutukusira matumbo ndi kuchititsa zilonda, kutsegula m'mimba ndi kutentha thupi.

Mwa odwala ena madokotala amapeza vuto lotchedwa pneumatosis intestinalis. Uwu ndi mpweya umene suli m'njira yodutsa chakudya, koma walowa m'khoma lenilenilo la matumbo ngati timatuza. Sutuluka pogeya, ndipo umaoneka pa X-ray kapena CT scan. Umapezeka mwa anthu akumwa mankhwala a steroid, komanso pamodzi ndi tizirombo monga CMV, rotavirus ndi adenovirus. Kawirikawiri umatha popanda mpeni: wodwala amayamba wasiya kudya kuti matumbo apume, amalandira maantibayotiki, ndipo ngati ndi CMV amapatsidwa ganciclovir. Koma nthawi zina mpweyawu umasonyeza kuti gawo la matumbo lasiya kulandira magazi ndipo likufa. Pamenepo pamafunika opaleshoni yachangu. Choopsa n'chakuti mankhwala a steroid amatha kubisa ululu, motero wodwala amaoneka bwino pamene m'kati mukuonongeka.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa Amalawi ena amapita ku India kukaikidwa impso. Pobwerera amanyamula mapepala a m'Chingerezi cha madokotala, chimene ngakhale wophunzira amavutika nacho. Wowasamala kunyumba, kaya ndi mkazi wawo kapena mlongo wawo, amamva dandaulo la m'mimba m'Chichewa, n'kuliyesa kutupidwa wamba.

Ena anganene kuti odwala oterewa ndi ochepa, ndipo mphamvu zathu tiziike pa malungo ndi chifuwa chachikulu. N'zoona kuti ndi ochepa. Komabe impso iliyonse inachoka mwa munthu, kawirikawiri m'bale, amene sangaperekenso ina. Kulemba tsamba limodzi la malangizo m'Chichewa sikungafanane mtengo ndi tikiti ya ndege. Ndiponso tinachitapo kale zotere. Pa nkhani ya Edzi, mawu oti "kachirombo" ndi "chitetezo cha m'thupi" anafika mpaka kumudzi, ndipo lero agogo amawamva popanda womasulira.

Chakudza sichiimba ng'oma. Madokotala ndi ife ophunzira ziyankhulo tiyenera kukhala pansi n'kupeza mawu osiyanitsa mpweya wa m'njira ndi mpweya wa m'khoma la matumbo. Podikira mawuwo, wodwala aliyense auzidwe momveka asanatuluke m'chipatala kuti mimba ikatupa, akatsegula m'mimba, akasanza kapena thupi likatentha, asasiye mankhwala ake payekha ndipo asadikire kuti kuche. Apite kwa dokotala tsiku lomwelo, n'kunena poyambirira kuti ali ndi chiwalo chochita kupatsidwa.