Oteteza ana aphunzitsidwe ku Kachulu komweko

Nyanja ya Chilwa ikaphwa, monga idachitira mu 1995 ndi mu 2018, oyamba kuona zakuda ndi ana. Matemba akasowa pa doko la Kachulu, abambo amanka kutali kukasaka maganyu, mnyamata amasiyitsidwa sukulu, ndipo mtsikana wongotha kumene msinkhu amamupezera mwamuna kuti makolo apeze podyera.

Malamulo tili nawo: loteteza ana la 2010, ndiponso kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko mu 2017 komwe kudatseka ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Koma lamulo silipalasa bwato kupita ku chilumba cha Chisi.

Ine ndikuti maphunziro oteteza ana achoke m'mahotela a m'tauni, komwe mabwana amangosainira alawansi. Aphunzitsidwe anankungwi, amayi ogulitsa nsomba ndi alangizi a zaumoyo a kwa Mwambo, anthu odziwa khomo lomwe lagona ndi njala, zisanafike pokwatitsa mwana. Apatsidwe njinga, ndi lamya yoimbira 116 ku YONECO.

Wina asandiuze kuti kumudzi nkutali. Inu amene mudathawa dziko lino mukukumbukira bwino: ayufi ankafika khomo lililonse kudzafunsa khadi la chipani, ngakhale la mwana ali m'mimba.