Khomo limodzi silokwanira pa intaneti

Zingwe za EASSy ndi SEACOM zitaduka pansi pa nyanja pa 12 May 2024, intaneti idavuta ku Tanzania, Mozambique ngakhalenso ku Malawi.

Nkhani yagona pa router, kabokosi kolumikiza makompyuta a mu ofesi ndi dziko lakunja. Kale waya wa E1 unkanyamula ma megabit 2 okha pa sekondi, pomwe lero khomo la faiba limanyamula 1,000 kapena kuposa. Komatu chingwe chikaduka, liwiro lonselo n'lachabe.

Mabanki ndi zipatala asamangothamangira liwiro. Router yawo ikhale ndi makomo awiri, lina la faiba, lina la satelayiti kapena netiweki ya foni. Afunsenso makampani owagulitsa intaneti ngati njira ziwirizo sizikukakumana pa chingwe chimodzi kunyanja.